Wogulitsa mbaula amadya kamodzi

Chilimba changa chinagwa mu October 2024. K6,000 m'manja, ndalama imene sininaigwilepo pamodzi kuchokela pamene ninayamba nchito. Anzanga a ku nchito anali atanigawila kale zochita nayo. Wina akuti gula sola, wina akuti sintha foni, wina akuti lipila lendi pasadakhale upumeko. Ine ninali na pulani yanga imene sininauze aliyense, chifukwa ninadziwa kuti adzaniseka mpaka Lachisanu. Ninafuna kuoda mabuku atsopano a Dungeons & Dragons kuchokela ku America kuti nizigulitsa muno mu Lusaka.

Kwa imwe amene simunamveko, D&D ni masewela a pa tebulo. Palibe sikilini, ndipo palibe bolodi monga la drafuti kapena maenje a nsolo. Anthu anayi kapena asanu amakhala pamodzi, aliyense na pepala lofotokoza munthu wake wa m'nkhani. M'modzi amakhala wosimba nkhani, amene m'mabuku amatchedwa Dungeon Master. Iye amakamba kuti, "Mwafika pa ulalo wothyoka, kumbuyo kwanu kuli agalu a mfumu, muchita chiani?" Iwe uyankha zimene munthu wako achite, uponya dayisi ya mbali 20, ndipo nambala imene yatuluka ndiye ikamba ngati walumpha bwino kapena wagwela m'madzi. Ngati munakulila pa nthano za ambuya, ganizilani nthano imene omvela ali na ufulu wouza Kalulu kuti asalowe m'dzenjemo, ndipo Kalulu n'kuwamvela.

Pa gulu lathu wosimba nkhani ndine. Tili asanu. Anzangawo nidzawatchula na maina a anthu amene amasewela: Wakuba, Wansembe, Msilikali na Wamatsenga. Tinayamba mu 2022 na malamulo aulele amene kampani inaika pa intaneti, amene tinapulinta pa kantemba ka mapepala. Pambuyo pake Wansembe anagula Player's Handbook yakale ya 2014 kwa mzungu wina amene anali kugulitsa katundu wake pobwelela kwawo. Chikuto chinali chong'ambika, koma buku limenelo linatitumikila tonse asanu.

Chaka chimene masewelawa anatigwila zenizeni ni 2024. Muchikumbukila. Mvula inakana, madzi a Kariba anatsika, ndipo malaiti anali kuyenda tsiku lonse n'kubwela pakati pa usiku monga mwamuna wopalamula. PlayStation ya Msilikali inasanduka chokongoletsa pa shelefu. Mafoni tinali kuwasunga monga mazila, batile ikhale ya zofunika chabe. Ndiye tinayamba kukumana katatu pa wiki pa khonde la amai anga ku Chilenje, na kanyali kamodzi ka sola pakati pa tebulo. Anyamata a pa nyumba yoyandikana anayamba kuimilila pa mpanda kumvetsela. Wiki yotsatila anakoka zidebe n'kukhala. Tsiku lina ninawelenga anthu 11 pa khonde, onse chete, kuyembekezela kuona ngati Wakuba atsegula loko alonda asanafike.

Usiku umenewo ndiye pamene bizinesi inaloba m'mutu mwanga. Ninaona msika. Ndipo nthawi inaoneka monga yanikonda, chifukwa mu September chaka chomwecho kampani ya Wizards of the Coast inali itangotulutsa Player's Handbook yatsopano, pokumbukila zaka 50 za masewelawa. Dungeon Master's Guide inali kubwela mu November, Monster Manual mu February 2025. Buku lililonse $49.99. Panthawiyo dola inali itapitilila K26, kutanthauza kuti buku limodzi linali pafupifupi K1,300, mtengo wa matumba anayi a unga. Msuweni wanga amene aphunzila ku America anali kubwela pa Khisimasi ndipo anavomela kuninyamulila m'sutukesi. Masamu anga anali akuti mabuku anayi, lililonse niikepo K400, phindu K1,600, niodenso ena. M'maganizo ninali nitaona kale shopu ili na dzina langa pamwamba.

Munthu woyamba kumuuza anali amai. Amai akhala pa msika zaka zoposa zanga zobadwa. Agulitsapo tomato, kapenta, salaula, ndipo chaka cha mdima chija anali kugulitsa malasha. Ninawapeza alongedza malasha m'timapulasitiki, n'kuwafotokozela zonse, na buku lakale lija m'manja.

"Ili buku," anafunsa, "mwakhala nalo zaka zingati?"

"Ziwili, amai. Koma linasindikizidwa zaka 10 zapitazo."

"Latha?"

"Kutha bwanji?"

"Nikamba kutha. Monga sopo. Monga saladi."

"Iyai, amai, buku silikutha."

"Ndipo muliwelenga angati?"

"Asanu."

Anapukuta manja pa chitenge n'kuniyang'ana mwachifundo. "Mwana wanga, ine ninagulitsapo mbaula. Munthu agula imodzi, aphikila zaka zitatu, na aneba abwelekako. Ukamuona pa njila akupatsa moni chabe. Wogulitsa mbaula amadya kamodzi. Wamalasha ndiye amadya tsiku lililonse."

Ninakwiya pang'ono. Ninati m'mtima, amai sadziwa chilichonse cha D&D. Koma usiku malaiti atabwela ninachaja foni, ninagula bandulo, n'kuyamba kuwelenga mbili ya bizinesi ya masewelawa kuti nipeze powatsutsila. Zimene ninapeza n'zakuti vuto la mbaula lavutitsa eni ake a D&D kuyambila pachiyambi.

Masewelawa anawapanga Gary Gygax na Dave Arneson, ndipo anatuluka mu 1974 pansi pa kakampani kochedwa TSR m'tauni ya Lake Geneva, ku Wisconsin. Anasindikiza makope 1,000 chabe, timabuku titatu m'kabokosi, mtengo $10. Anatchuka mwamsanga, koma kuyambila kalelo kampani inali kusintha katundu potsatila mphepo ya msika. M'zaka za m'ma 1980 makolo na matchalitchi ena ku America anayamba kukamba kuti masewelawa ni ausatana, ndipo pamene edishoni yachiwili inatuluka mu 1989, TSR inachotsamo mawu akuti ziwanda na adyelekezi n'kuikapo maina ena opeka. Kenako, pofuna kuti anthu amene anagula kale mbaula agulenso kanthu, inatulutsa mabuku ambilimbili a maiko osiyanasiyana a m'nkhani, mpaka makasitomala ake anagawikana m'timagulu ting'onoting'ono. Pofika 1997 inali itamila m'nkhongole. Wizards of the Coast, imene inalemela na makhadi a Magic: The Gathering, inaigula, ndipo mu 1999 Hasbro, kampani ya Monopoly, inagula Wizards.

Njila imodzi yogulitsanso mbaula kwa munthu amene ali nayo kale ni kumuuza kuti yake yatha fashoni. M'masewela amenewa, ndiye tanthauzo la edishoni yatsopano. Usintha malamulo, usindikizanso mabuku atatu akuluakulu, ndipo aliyense afunika kugulanso. Mu 2000 zinayenda bwino. Edishoni yachitatu inabwela na chilolezo chochedwa Open Game License, chimene chinalola aliyense kulemba na kugulitsa mabuku ake pogwilitsila nchito malamulo a D&D popanda kulipila. Timakampani tambili tinabadwa, ndipo buku lililonse limene tinatulutsa linali kutuma anthu kukagula Player's Handbook.

Mu 2008 zinayenda mosiyana. Edishoni yachinayi inasintha masewela kwambili moti mabuku akale sanali kugwilizana nayo, ndipo chilolezo chake chinali chothina. Anthu ambili anakana kusamuka. Kampani ina, Paizo, inatenga malamulo akale aja pansi pa chilolezo chakale, inawakonzako, n'kutulutsa Pathfinder mu 2009. Patapita zaka ziwili, Pathfinder inali kugulidwa kuposa D&D m'mashopu a masewela ku America. Mwini munda anapezeka agula ndiwo kwa wanchito wake wakale.

Edishoni yachisanu ya 2014, imene ise tinaphunzilila, ndiye inabweza ulemu. Malamulo anali osavuta. Koma nikayang'ana bwino, chimene chinaikweza kwambili chinachokela kunja kwa kampani. Mu 2015 gulu la ochita mawu m'makatuni na m'magemu linayamba kusewela D&D pa intaneti m'pulogilamu ya Critical Role, ndipo anthu miyandamiyanda anaona kwa nthawi yoyamba mmene masewelawa amakomela. Mu 2016 Stranger Things inaonetsa ana asewela D&D m'chipinda cha pansi. Mu 2020 Covid inatsekela anthu m'nyumba, ambili n'kuyamba kusewela pa Zoom na pa Discord. Ngakhale ine, n'nadziwa D&D kudzela pa YouTube, osati pa chikwangwani cha kampani.

Apa ndiye ninamvetsa chifukwa chake mabuku a 2024 anabwela mwamantha. Kampani inakana kuwatcha edishoni yachisanu na chimodzi. Inati ni edishoni yachisanu yomweyo, yokonzedwa chabe, ndipo nkhani zakale zimene munagula zidzapitiliza kugwila nchito. Phunzilo la 2008 analimva. Zosintha zilimo, ndipo zina n'zabwino. Bukuli lili na masamba 384 ndipo linakonzedwa mosavuta kutsatila kwa munthu watsopano. Asilikali anapatsidwa luso lapadela pa chida chilichonse, kuti asamangomenya chabe pamene amatsenga achita zodabwitsa. Mawu akuti race anachotsedwa n'kuikapo species, ndipo mphamvu zoonjezela za munthu wako manje zichokela ku mmene anakulila, osati ku mtundu wake. Koma onani msampha wake. Ukasintha zambili, anthu akwiya n'kuthawa. Ukasintha pang'ono, anthu afunsa kuti nanga nigulilenji, popeza langa lakale likali kugwila nchito?

Funso limeneli ninalimva na makutu anga pa khonde. Ninauza gulu kuti tisamukile ku malamulo atsopano, ndipo aliyense agule buku lake kwa ine pa mtengo wa chibale. Msilikali anakondwa na nkhani ya zida, koma anati adzawelengela langa. Wansembe anati iye anagula kale buku kamodzi, manje ni nthawi ya ena. Wamatsenga anatulutsa foni n'kunionetsa kuti malamulo oyambila a edishoni yatsopano aliko kale aulele pa D&D Beyond. Wakuba sanakambe kanthu. Makasitomala anga anayi odalilika, amene ninamangilapo masamu onse, anagula mabuku zilo.

Chinaniseketsa pambuyo pake n'chakuti mabwana a Hasbro anali atadandaulapo kale chimodzimodzi. Mu December 2022 Cynthia Williams, amene anali mtsogoleli wa Wizards panthawiyo, anauza eni masheya kuti D&D siibweletsa ndalama zolingana na kutchuka kwake. Anafotokoza kuti osimba nkhani ni pafupifupi 20 pelesenti ya osewela, koma ndiwo amagula kwambili. M'modzi pa asanu alionse. Ninayang'ana khonde lathu n'kuwelenga: asanu, wogula m'modzi, ine. Masamu a ku America na a ku Chilenje anagwilizana ndendende.

Yelekezelani na Magic, mwana wina wa kampani yomweyo. Makhadi atsopano amatuluka miyezi ingapo iliyonse, ali m'timapaketi totseka, ndipo wosewela aliyense afunika ake. Simungabwelekane monga buku. Mu 2022 Magic inapitilila $1 biliyoni pa chaka. Amenewo ndiwo malasha. Ndiye n'zosadabwitsa kuti Hasbro yakhala isakila malasha a D&D. Mu 2022 inagula D&D Beyond pa $146.3 miliyoni, malo a pa intaneti pamene munthu amasungila pepala la munthu wake wa m'nkhani, kugula mabuku a pa foni, na kulipila mwezi na mwezi ngati afuna zambili. Buku la pepala ungalibweleke, ungaligulitsenso, ungalisiyile mng'ono wako. Malipilo a pa mwezi amabwelanso mwezi wamawa.

Koma posakila malashawo anapsa manja kangapo. Mu January 2023 chikalata chinatulukila poyela choonetsa kuti kampani ifuna kufafaniza chilolezo chakale chija cha 2000 n'kuyamba kutenga 25 pelesenti pa ndalama zopitilila $750,000 zimene ofalitsa ena apeza. Osewela anakwiya koopsa, ambili anaimitsa malipilo awo pa D&D Beyond, ndipo mwezi usanathe kampani inagonja. Inaika malamulo oyambila pansi pa Creative Commons, kumene singawabwezenso. Mu 2024 D&D Beyond inaleka kugulitsa tizidutswa twa mabuku. Kale unali kukwanitsa kugula kachigawo kamodzi chabe kamene ufuna pa ndalama yochepa, monga mmene timagulila pamela ngati thumba lonse latikanga. Zitatelo, linakhala buku lonse kapena palibe. Amai atamva zimenezi anapukusa mutu, chifukwa phindu lawo lonse lili m'timapulasitiki, osati m'masaka. Ndipo Sigil, tebulo la pa kompyuta la zithunzi za 3D limene anali kuliyembekezela kwambili, linatuluka kuchiyambi kwa 2025, koma patangopita mawiki ochepa ambili mwa amene anali kulipanga anachotsedwa nchito.

Ndalama yaikulu imene D&D inabweletsa posachedwa inachokela kwina. Gemu ya pa kompyuta ya Baldur's Gate 3, imene kampani ya ku Belgium ya Larian Studios inatulutsa mu 2023, inapatsa Hasbro pafupifupi $90 miliyoni chifukwa chongobweleketsa dzina na dziko la m'nkhani. Palibe pepala limene anasindikiza, palibe sitima imene ananyamulitsa.

Manje nifike pa chinthu chimene nichita nacho manyazi. Nitaona kuti mabuku sadzayenda, ninati basi, nanenso nipeze malasha anga. Ninalengeza kuti kuyambila wiki yotsatila, mpando uliwonse pa khonde ni K30 pa usiku. Zifukwa ninali nazo. Ndine nimakhala maola kukonza nkhani, ndine nimajambula mapu, ndine nimagula mapepala. Ku maiko ena kuli anthu amene amalipilidwa posimba nkhani za D&D. Msilikali analipila, Wansembe anang'ung'udza koma analipila, Wamatsenga anati adzatuma pa foni. Wakuba anaseka pang'ono n'kukamba kuti, "Zili bwino, mudala." Lachinayi sanabwele. Lolemba sanabwele. Pa WhatsApp anali kuyankha na chala chimodzi chokweza.

Ninali kudziwa bwino kuti Wakuba anali atakhala miyezi isanu na iwili osagwila nchito. Shopu yowotchelela zitsulo imene anali kuseenzako inachepetsa anthu chifukwa cha malaiti omwewo. K30 katatu pa wiki ni K360 pa mwezi. Khonde lathu ndiye linali malo okhawo kumene anali kukwanitsa kuyenda popanda ndalama m'thumba n'kukhala munthu wofunika, amene gulu lonse liyembekezela kuti atsegule loko. Ine ninaika geti pamalopo.

Masewela a mawiki awili amenewo anali ozizila. Wakuba ndiye anali kuyambitsa mavuto onse m'nkhani, kuba mphete ya mfumu pa phwando, kunamiza alonda kuti ni dokotala. Popanda iye, atatu aja anali kuyenda mwaulemu kuchoka chipinda china kupita china monga alendo a ku tchalitchi. Anyamata a zidebe aja analeka kubwela. Ninali na K270 m'kabotolo, ndipo tebulo linali litafa.

Amai ndiwo ananituma. "Mnzako uja wophokosela ali kuti?" Nitawafotokozela anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ine ninakuuza za malasha kuti usataye chilimba. Sininakuuze kuti uzigulitsa moto kwa abale ako." Tsiku lotsatila ninakwela basi kupita ku Kabwata. Ninamupeza atsuka mbale. Ninati, "Boyi, ninalakwa." Iye anati, "Nanga munthu wanga mwamupha?" Ninati iyai, ali m'ndende ya mfumu, ndipo palibe amene adziwa kutsegula loko. Lachinayi anabwela.

Zinanipweteka kuona kuti ninachita ndendende zimene Hasbro inachita mu January 2023, kungoti ine pa khonde la mamita atatu. Ninaona anthu akondwa, ninawelenga mitu, n'kuyamba kuganiza kuti chisangalalo chawo ni ndalama yanga imene sininatole. N'naiwala kuti katundu amene nigulitsa amapangidwa na anthu omwewo amene nifuna kuwalipilitsa. Buku la D&D lokha ni malamulo na zithunzi. Masewela enieni amachitika pamene Wakuba atsegula pakamwa.

Ndiye edishoni yatsopanoyi idzayenda bwanji pa msika? Maganizo anga ni awa. Kugwa monga ya 2008 siidzagwa. Wizards inalengeza kuti Player's Handbook ya 2024 inagulidwa mwamsanga kuposa chinthu china chilichonse cha D&D m'mbili yake, ndipo nikhulupilila, chifukwa osewela a masiku ano ni ochuluka kuposa kale lonse, ndipo pali anthu amene amagula chilichonse chatsopano pa tsiku loyamba. Dzina nalonso n'lolimba. Munthu watsopano akafuna kuyamba, amasakila D&D monga mmene timaitanila mankhwala alionse otsukila mano kuti Colgate.

Koma mwezi woyamba siukamba zambili. Funso lili pa chaka chachitatu na chachinayi, pamene okonda kwambili onse agula kale. Buku la 2014 linali lodabwitsa chifukwa linapitiliza kugulidwa chaka na chaka, popeza anthu atsopano anali kulowa mosalekeza. Kuti la 2024 lichite chimodzimodzi, pafunika funde lina la anthu atsopano, ndipo mafunde akale aja kampani sindiyo inawapanga. Panthawi imodzimodziyo opikisana nawo achuluka. Mu May 2025 Darrington Press, kampani ya a Critical Role, inatulutsa masewela ake a Daggerheart, ndipo makope oyamba anatha mwamsanga. Chaka chomwecho Chris Perkins na Jeremy Crawford, amene anatsogolela nchito yolemba mabuku atsopanowa, anachoka ku Wizards n'kukalowa ku Darrington. Olemba ena manje amatolela ndalama mwachindunji kwa osewela pa Kickstarter, ndipo masewela a Cosmere, ochokela m'mabuku a Brandon Sanderson, anatolela zoposa $14 miliyoni mu 2024. Palibe m'modzi mwa amenewa amene angagwetse D&D yekha, koma aliyense atengako tebulo limodzi apa, lina apo.

Ndiye niona kuti mabuku adzagulidwa bwino ndithu, koma sadzabweletsa chuma chimene eni masheya afuna. Ndalama yaikulu idzachokela m'magemu a pa kompyuta, m'mafilimu, m'malipilo a pa mwezi na m'kubweleketsa dzina. Mabuku adzakhala monga mbaula imene wamalasha amagulitsa mochipa kuti anthu akhale na pophikila. Ngozi ili pakuti kampani ikathina kwambili pofuna malasha, anthu ali na kothawila. Mu April 2025 malamulo oyambila a edishoni yatsopanoyi nawonso anaikidwa pansi pa Creative Commons. Aliyense angawatenge, angawamasulile m'Chinyanja ngati afuna, angalembe nkhani yake yochitikila m'mbali mwa Luangwa n'kuigulitsa.

Kwa ise kuno, zimenezi zitanthauza kuti masewelawa angafalikile mu Lusaka yense popanda Hasbro kuonapo ngwee. Kwa iwo ni msika wopanda phindu. Kwa ise ni mwayi, chifukwa pepala, pensulo na dayisi zikwana.

Chilimba chija chinatha motele. Ninauza msuweni wanga kuti abweletse buku limodzi chabe, langa, na timatumba 10 twa madayisi otchipa, asanu na awili m'kathumba kalikonse. Yotsala ninagula nyali yaikulu ya sola n'kulipila lendi. Madayisi aja anatha m'mawiki atatu. Munthu amene sangagule buku la K1,300 amafuna ndithu kukhala na dayisi yake, ya mtundu umene aukonda, imene amakhulupilila kuti ili na mwayi. Komanso madayisi amasowa. Amagwela m'ngalande, ana amawatola, ndipo Msilikali anataya yake dala pa mpanda itamupatsa 1 katatu motsatizana. Lotsatila anabwela kudzagula ina.

Pa Chiwelu masana nimayendetsa tebulo la anthu atsopano pa K20, ndipo amene alibe amabweletsa chidebe chake n'kukhala ndithu. Lachinayi ni la ise asanu, ndipo palibe amene alipila. Tinasamukila ku malamulo atsopano pang'onopang'ono. Zida za Msilikali tinatenga m'buku latsopano, koma Wansembe anakana kusintha munthu wake, ndiye akali kusewela wa 2014, ndipo palibe chimene chinathyoka. Buku latsopanolo lili limodzi, ndipo manje tiliwelenga anthu 14. M'mbali mwa masamba mwada kale na zala za malasha, chifukwa mng'ono wanga amaliwelenga akachoka kuthandiza amai.

Wiki yatha amai ananipeza niwelenga ndalama za madayisi pa tebulo. Anatola imodzi ya mbali 20, anaiyang'ana pa nyali, n'kufunsa kuti, "Utu tumasowa?"

"Maningi, amai."

"Oda twina," anatelo, n'kubwelela ku timapulasitiki twawo.